Fayilo ya Ukwati wa Alamu Anga

Kompyuta yanga yoyamba inabwera kunyumba pa tekisi, itakhala pamiyendo pa amuna anga, ataifunditsa thaulo. Amuna angawo ankagwira ntchito ya m'dimba ku Hillcrest. Abwana awo atagula ina yatsopano, anawauza kuti yakaleyo akataye, kapena aitenge ngati akuifuna. Iwo anaona kuti ikuyakabe, ndiye anaitenga, ngakhale sankadziwa n'komwe pomwe amayatsira.

Nthawi imeneyo tinkakhala ku Queensburgh, m'kanyumba ka kuseri kwa nyumba ya eni ake. Ine ndinali telala. Makina anga osokera anali pawindo, ndipo kompyutayo tinaiika pambali pake chifukwa kunalibenso malo ena. Tiulusi tinkalowa mu kiyibodi, moti Loweruka lililonse ndinkaitembenuza n'kuigugudza ngati lichero.

Ndisanabwere ku Joni ndinali nditaphunzirako kutayipa ku Limbe, ndipo zala zanga zinali zisanaiwale. Mpingo wathu wa Amalawi unkasonkhana mu holo ya sukulu ina, ndiye anthu atangomva kuti kwathu kuli kompyuta, ndinasanduka mlembi popanda wondisankha. Ndinkatayipa nyimbo za kwaya, zilengezo, ndondomeko za maliro, ndi ma CV a anthu ofuna ntchito. Pulogalamu yolembera yomwe inali m'kompyutamo inali yakale, koma ndinkaidziwa ngati khitchini yanga. Chilichonse ndinkachipeza osayang'ana, nthawi zina ndili ndi singano kukamwa.

Cha m'ma 2011, alamu anga, mng'ono wawo wa amuna anga, anapeza mbeta. Iwo ankagwira ntchito ya mashifiti kudoko, kuyendetsa kagalimoto konyamulira katundu m'nyumba ina yosungiramo zinthu. Mtsikanayo anali Mzulu, wofatsa, wogulitsa m'sitolo ya nsapato. Za malowolo zitatha, mabanja awiriwa anagwirizana kuti ndondomeko ya tsiku la ukwati ilembedwe m'zinenero zonse ziwiri papepala limodzi, Chichewa kumanzere, Chizulu kumanja, mzere ndi mzere, kuti aliyense azitsatira. Mbali yathu anandipatsa ine. Mbali yawo anapatsa akulu ake a mkwatibwi, omwe ankagwira ntchito mu ofesi ya kampani ina ya mathiraki. Onse ankangowatchula kuti sisi, ine ndi chizolowezi cha kwathu ndinkati asisi. Tinali titaonanapo kamodzi kokha, n'kupatsana moni wa patalipatali.

Ndinaikapo luso langa lonse pa ndondomeko imeneyo. Ndinajambula mizere yogawa tsamba pakati, ndinaika timaluwa m'makona, nyimbo ndinakopera m'buku lathu la nyimbo mosamala, mpaka w uja wovala kachipewa ndinamufunafuna n'kumupeza. Kenako ndinaseva pa fulashi, alamu n'kuiika m'thumba la ovolosi. Iwo ndi amene anali mtengatenga wathu, popeza kwa apongozi awo ankapitako ndi kale pafupipafupi.

Fulashi itabwerera, fayilo inakana kutseguka. Ndinayesanso, osatheka. Nditayang'anitsitsa ndinaona kuti dzina lake lasintha pang'ono: langa linkathera ndi doc, koma ili linkathera ndi docx. Ka x kamodzi kokha. Nditaikakamiza, inatseguka ndithu, koma munali timabokosi, timitanda ndi zilembo zomwe sindinazionepo, masamba ndi masamba.

Alamu anaweramira pa sikirini, n'kunena mwaulemu kuti mwina Chizulu chimaoneka choncho chikalowa m'kompyuta. Ndinawakumbutsa kuti Chizulu amachiwerenga tsiku ndi tsiku pazikwangwani za kudoko. Anati n'zoona, koma chimenechi mwina n'chozama.

Mawa lake ndinapita kutawuni kukagula zipi ndi nsalu ya mkati, ndipo ndinadzera pa kasitolo ka intaneti komwe ndinkasindikizako zinthu zanga. Mwini wake anali bambo wa ku Congo, wosachedwa kuseka. Anandifotokozera kuti opanga pulogalamuyo anatulutsa ina yatsopano, yomwe imasunga zinthu mwa njira yake, ndipo yakale siimva. Anati njira zilipo: kugula yatsopanoyo, yomwe kompyuta yanga sikanaikwanitsa n'komwe, kapena kuika kachigamba kothandiza yakaleyo kuwerenga za mnzakeyo. Mawu akuti chigamba ndinawamva bwino. Anandikoperako pa fulashi, ndinakaika kunyumba, ndipo fayilo inatseguka.

Bola ikanangokhala yosatseguka. Timaluwa tanga tinali titachoka m'makona n'kukaunjikana pakati, pamwamba penipeni pa mawu akuti ulaliki. Mbali ya Chichewa inali itapanikizidwa, yopyapyala ngati lamba, mawu amodzi akuduka pawiri. Paliponse pomwe panali w wa kachipewa panali kabokosi. Ndime yomaliza ya nyimbo yolowera inali itasowa. Koma mbali ya Chizulu inali itatambasuka bwinobwino, ngati munthu wokhala yekha pampando wa anthu atatu.

Zinandipweteka kuposa momwe zinayenera. Zaka zimenezo tinali titazolowera kudzichepetsa. Foni ikalira mu tekisi, n'kuona kuti ndi wa kumudzi, unkangoyankha m'Chizulu kuti yebo, yebo, n'kudula, kudikira kuti utsike. Kumsika tinkalankhulana motsitsa mawu. Ndiye nditaona Chichewa chathu chitafinyidwira m'mphepete mwa tsamba, ndinati kodi ndi papepala pomwe? Sindinaganizeko zoti ndi makina. Ndinangoona nkhope ya asisi, ndi moni wawo wa patali uja.

Ndinakonza zonse. Timaluwa ndinatibwezera m'makona, mbali yathu ndinaikuza, ndipo, kunena zoona, ndinaikuzako pang'ono kuposa theka. Ndinatumiza. Inabwerera itafinyidwanso. Ndinakonzanso, inabwereranso. Alamu ankafika ndi fulashi ali wefuwefu, n'kunena kuti asisi akupereka moni ndipo akuti ntchito ndi yabwino kwambiri. Ine ndinkawauza kuti akawauze asisiwo kuti tsamba ndi la anthu awiri. Ndinadzamva pambuyo pake kuti uthenga umenewu unkafika uko utasanduka moni nawonso, kuphatikizapo mafuno abwino kwa ana.

Amuna anga anayesa kuthandiza. Tsiku lina tikudya ananena kuti ukwati wathu ife unalibe ndondomeko ya papepala koma tikadali limodzi, ndiye bwanji osangolemba pamanja n'kukachita fotokope. Ndinawayang'ana. Anapitiriza kudya, ndipo nkhani imeneyo sanaiyambenso.

Chomwe chinatikumanitsa ndi madiresi. Ine ndi amene ndinkasoka za operekeza mkwatibwi, ndipo asisi anali wamkulu wa operekezawo. Loweruka lina masana anabwera ndi mkwatibwi kudzayesa. Anali mayi wamtali, wa magalasi, atanyamula chikwama chachikulu paphewa. Tinapatsana moni mwaulemu wonse, uja woti aliyense m'chipinda amadziwa kuti pali nkhani. Anavala diresi, ine n'kugwada kuyamba kubaya mapini mumpendero. Mkwatibwi anakhala pabedi akuyang'ana pansi.

Tinkalankhulana m'Chingerezi chosakaniza ndi Chizulu changa cha kumsika. Ndili pakati pobaya, asisi analankhula akuyang'ana kukhoma.

"Sisi, ndifunseko. Mayina a makolo athu akukulakwirani chiyani?"

Ndinalavulira mapini m'manja. Ndinati sindikumva.

Anafotokoza kuti kwawo, pa mwambo ngati umenewu, amalemba mayina otamanda mtundu wa bambo awo, ndipo anawaika pamwamba pa mbali yawo. Koma fayilo ikachoka kwa ine, mayinawo ankapezeka atadukaduka, ena atakankhidwira kutsamba la kumbuyo, pansi pa mawu othokoza ophika. Bambo awo anali ataona kale, ndipo anali atafunsa ngati anthu a ku Malawi amadziwa ulemu.

"Ine mbali yanu sindinaikhudzepo," ndinatero. "Koma inu, ndime ya nyimbo yathu mumaichotseranji?"

"Nyimbo yanu? Ndingachotse bwanji chinthu chomwe sinditha kuwerenga?"

Mkwatibwi anayamba kupukuta m'maso. Asisi anatembenuka. Anapita pa chikwama chawo, akuyenda ngati chidole chifukwa cha mapini, n'kutulutsa laputopu ya kuntchito. Anaiika pamwamba pa makina osokera, pafupi ndi kompyuta yanga. Kukhala pansi sakanatha, ndiye anaimirira choncho, manja atatambasula pang'ono.

Tinayamba ndi yanga. Ndinatsegula fayilo momwe ndinaisiyira usiku wathawo: timaluwa m'makona, nyimbo yonse, mayina a makolo awo ali pamwamba, athunthu. Asisi anaweramira, n'kuwerenga mayinawo ndi chala. Kenako tinazula fulashi n'kuilowetsa mu laputopu. Fayilo yomweyo, palibe anaikhudza. Mayina aja anali atadukaduka, awiri ali kutsamba la kumbuyo. Asisi anawakonza ine ndikuona, osakhudza mbali yanga ngakhale pang'ono, n'kuseva. Titaibweza kwa ine, Chichewa chinali chitafinyidwa, ndime ija palibe.

Kenako asisi anati eish, n'kuyamba kuseka, pini n'kuwabaya m'nthiti, akulira ndi ululu koma kuseka osasiya. Ine ndinakhala pansi penipeni, pa zidutswa za nsalu. Mkwatibwi ankatiyang'ana uku ndi uku, osadziwa ngati alire kapena aleke.

Nditawavula diresi ndinatereka tiyi, ndipo tinagwirizana kuti timalize ntchito yonse tsiku lomwelo pa makina amodzi, laputopu yawo. Anandipatsa mpando kuti ndikonze mbali yanga. Apa ndiye ndinachita manyazi. Pulogalamu inali yomweyo ndi dzina, koma zinali ngati munthu walowa m'khitchini mwako iwe kulibe n'kusuntha chilichonse, mchere kuika m'bafa, mipeni pansi pa bedi. Mawu omwe ndinazolowera pamwamba paja kunalibe, kunali tizithunzi tambirimbiri. Ndinafunafuna pokuzira mizere mpaka tiyi anazizira. Ine, mlembi wa mpingo wonse, ndinachita kufunsa posevera.

Ndinkayembekeza kuti andiseka, koma anandiuza zomwe zinawachitikira iwo. Ku ofesi kwawo palibe anafunsidwa. Anaweruka Lachisanu zonse zili bwino, pofika Lolemba anapeza kuti anyamata a makompyuta asintha zonse kumapeto kwa sabata. Kunja mathiraki anali atandanda kudikira mapepala opita nawo kudoko, madalaivala akuliza mahutala, wina mpaka anabwera kudzagogoda pawindo. Iwo, omwe anagwira ntchito imeneyo zaka zambiri, analephera kupeza posindikizira. Anati anapita kuchimbudzi, analira pang'ono, anasukusula, n'kubwerera kudzafunsa mnzawo yemwe nayenso ankafunafuna. Atadandaula kwa abwana, anauzidwa kuti makasitomala onse asintha, ndiye nawo sakanachitira mwina.

Tinamaliza dzuwa likupendeka. Tsambalo tinaligawa pakati ndendende, asisi anachita kuyeza ndi tepi yanga pa sikirini kuti pasakhale wodandaula. Anandiphunzitsa kutchula mayina a makolo awo, ine ndinawaimbira ndime yomwe inkasowa ija kuti aone kuti inali yofunika. Alamu atafika madzulo kudzatenga anthu awo, anatipeza tikudya masikono, ndipo anaima pakhomo kwa kanthawi ngati alowa nyumba yolakwika. Tinawafunsa za mauthenga omwe ankatipatsira aja. Anati foni yawo ikulira, n'kutuluka. Foniyo inali patebulo.

Chinthu chimodzi chokha sitinachiganizire. Kusindikiza tinasiyira alamu, chifukwa pafupi ndi kuntchito kwawo kunali malo osindikiza pa pepala lolimba lokongola. Kompyuta ya kumeneko inali ndi pulogalamu yakeyake, si yanga si ya asisi. Alamu analandira katoni yomata kale, anaisenza, n'kukaisiya kutchalitchi osatsegula. Mapepala anagawidwa pakhomo m'mawa wa ukwati, ine ndili kuchipinda cha kumbuyo kusoka batani la jekete la mkwati, asisi ali kumangirira nsalu ya kumutu ya mng'ono wawo.

Poyamba zonse zinayenda bwino. Chomwe chinachitika n'chakuti chapakati pa tsamba, mzere umodzi wautali wa Chizulu unapindikira pansi, n'kukankha mbali yonseyo ndi mzere umodzi. Kuyambira pamenepo, zomwe Amalawi ankawerenga zinali patsogolo, zomwe Azulu ankawerenga zili m'mbuyo. Abusa athu, pofuna kusakondera chinenero, anali atanena kuti sazilengeza chilichonse, aliyense azingotsatira pepala.

Malumbiro atatha, abusa anakweza dzanja kuti tipitirize. Kumanzere kwa tchalitchi Amalawi tonse tinaimirira, kwaya n'kuyambitsa nyimbo. Kumanja Azulu onse anaweramitsa mitu, ndipo amalume a mkwatibwi, bambo wa mawu ngati ng'oma, anayamba kupemphera. Amalumewo sanali munthu woti akayamba n'kusiyira panjira. Kwaya yathu nayo inali itayeserera nyimbo imeneyo kwa milungu. Ndiye zonse zinapitirira limodzi, pemphero likukwera, nyimbo ikukwera. Azulu ankaganiza kuti ndi mwambo wa Amalawi kuimbira pemphero. Ife tinkaganiza kuti ndi mwambo wa Azulu kupempherera nyimbo. Abusa anatseka maso n'kudikira, ndipo mwamwayi ameni ndi ndime yomaliza zinathera pafupifupi pamodzi.

Ndinatola pepala pa benchi, n'kuona. Nditadzutsa mutu, asisi anali akundiyang'ana ali kutsogolo kuja, maluwa ataphimba nawo pakamwa, mapewa akugwedezeka.

Kumadyerero, ku holo, tinachedwa kuchenjeza anthu chifukwa tonse tinali kojambulitsa. Pomwe tinkalowa n'kuti azakhali a mkwatibwi ataimirira ndi maikolofoni kuti apereke malangizo kwa banja latsopano, pamene Amalawi, malinga ndi pepala lawo, anali atandanda kale pa mzere wa chakudya, mbale m'manja, atawafulatira. Amuna anga anali achitatu pa mzerewo. Asisi anavula nsapato zazitali, anathamanga, anapempha maikolofoni kwa azakhali mwaulemu, n'kulengeza kuti aliyense apinde pepala lake alikupizire mphepo, zotsala azinena ndi iwo pakamwa, ine ndizimasulira. Tinayendetsa choncho mpaka kumapeto, awirife titaima pamodzi kutsogolo, iwo opanda nsapato.

Palibe anakwiya. Bambo a mkwatibwi anapeza mayina a makolo awo ali pamwamba, athunthu, ndipo pepala lawo analipinda bwino n'kuliika m'thumba la m'kati. Amalume a amuna anga, omwe anabwera pa basi kuchokera ku Ntcheu, ananena kuti maukwati aona ambiri koma pemphero lamphamvu ngati lija sanalimvepo, ndipo akakafika kumudzi akawauza akulu a mpingo kuti ayesere. Bambo wa ku Congo uja nditamufotokozera, anaseka mpaka kugwira tebulo, kenako anandionetsa momwe ndingasinthire fayilo kukhala PDF, ija yomwe sisuntha kulikonse komwe yapita. Ndinamufunsa chifukwa chake sanandiuze poyamba. Anati sindinafunse.

Kompyuta yangayo ndinakhala nayobe zaka zingapo. Ndinkaikonda, ndipo sindinkaona chifukwa chosiyira chinthu chomwe chikugwira ntchito. Koma mafayilo a ka x ankachulukirachulukira, chigamba chija chikulephera ena. Chomwe chinandigonjetsa ndi ma CV. Mayi wina wa kumpingo, yemwe ankafuna ntchito yosamalira okalamba, anabwera kudzandiuza kuti komwe anakapereka anamuonetsa pa sikirini yawo: zaka zomwe anagwira ntchito zinali zitasiyana ndi malo ake, ngati kuti anayamba kulera ana ku Hillcrest asanachoke ku Malawi. Ukwati unali woseketsa, koma izi ayi. Cha m'ma 2014 kompyutayo inayambanso kutulutsa uthenga pa sikirini wonena kuti eni ake asiya kuisamalira. Ndinkautseka, n'kubweranso.

Asisi ndi amene anandipezera laputopu yogwiritsidwapo kale ntchito, pomwe ofesi yawo inkachotsa zakale. Loweruka masana ankabwera kudzandiphunzitsa, ine ndikuwapindira masiketi a kuntchito. Sindinali wophunzira wabwino. Ndinkakangana ndi tizithunzi tija mokweza, m'Chichewa, mpaka asisi anaphunzira mawu angapo omwe sindikanafuna kuti akawanene pamaso pa abusa. Zala zanga zinkapitabe komwe kunali zinthu kale, n'kupeza palibe. Koma pang'ono ndi pang'ono zinazolowera, ndipo tsiku lina ndinazindikira kuti ndatayipa nyimbo zonse za kwaya osafunsa munthu.

Sipanapite nthawi yaitali, Lolemba lina m'mawa ndikudula nsalu, foni inalira. Anali asisi, akulankhula monong'ona, kumbuyo kukumveka mahutala.

"Sisi, asinthanso."

Ndinawafunsa ngati apeza posindikizira. Anati ayi, koma ulendo uno salira, angouza madalaivala kuti apite akamwe tiyi. Ndinawauza kuti Loweruka abwere ndi laputopuyo tidzafufuze limodzi, ndipo asaiwale siketi ya buluu ija, chifukwa zipi yake ndinali nditagula kale.